Kasupuni ka Tiyi ndi Mwendo wa Atate Ako

Chadiza, pakhonde pathu

Mwana wanga Tikambenji,

Ndikulemba masana ano pamene iwe ndi amayi ako mwapita ku Zingalume kukatsanzika azakhali ako. Ndikanatha kudikira kuti mubwere ndikuuze pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimaiwala kuti ndinapuma uphunzitsi, mawu amakwera ngati ndili m'kalasi, ndipo iwe umangowerama n'kumati "inde atate" pamene mumtima wakana kale. Kalatayi uipeza pamwamba pa sutikesi yako. Ukhale pansi, uiwerenge yonse usanabwere kudzandiyankha.

Nkhani ndi imodzi. Mawa uyenera kukwera minibasi ya ku Chipata, kenako basi ya ku Lusaka, kenako ndege yopita kumene akakuphunzitse ntchito imene wakhala ukuilota. Koma dzulo kukhitchini unauza amayi ako kuti ulembera anthu amene akuitanawo kuti sukubwera, malo ako apatse wina, chifukwa cha mwendo wangawu. Unkaganiza kuti sindikumva. Madokotala anadula mwendo wokha, mwana wanga, makutu anandisiyira. Mawu akowo andipweteka mtima kuposa mmene ndingalembere, ndipo ndikufuna upite.

Choyamba ndikuonetse kuti ntchito yako ndinaimvetsa, popeza umaganiza kuti ukamafotokoza ndimangogwedeza mutu. Unati mapiko a ndege zamakono, ndi mapiko a zimakina zija zopanga magetsi ndi mphepo, sawapanga ndi chitsulo. Amayala nsalu za ulusi wolimba kwambiri, ina pamwamba pa inzake, n'kuzimata ndi zomatira mpaka ziume zikhale chinthu chimodzi, chopepuka koma cholimba. Unati chinthu chotere chimatopa. Chikamapindika pang'onopang'ono, lero, mawa, mkuja, nsalu zija zimayamba kumatukana mkati, timing'alu tosaoneka n'kumachuluka, pamene kunja kukadali kosalala ngati chatsopano. Ntchito yako ndi kupeza kutopa kumeneko osathyola chinthucho, osachiboola, chisanagwetse anthu. Ndakhoza kapena ndalephera? Ndipo ndikudziwa kuti chikho cha mwendo wanga wochita kupangawu, mmene mumalowa chitsa changa, anachipanga mwanjira yomweyo.

Lamulungu lija tikuchokera kutchalitchi, ndikukwera sitepe yapakhonde pano, mwendo unalira pang'ono. Ine ndinali nditazolowera, koma iwe unaima pomwepo. Unati, "Atate, tavulani mwendo ndiuone." Ndinavula monyinyirika. Unatenga kasupuni ka tiyi n'kuyamba kugogoda chikho chija mozungulira, khutu lili pafupi. Ponseponse pankalira ngwe ngwe ngwe, mpaka unafika m'munsi, pamene chikho chimalumikizana ndi paipi yopita kuphazi. Pamenepo panangoti du du. Unabwereza kangapo, kenako unatenga cholembera chakuda chija chosafufutika n'kuzunguliza malo onse osalirawo. Unagwada, n'kunena kuti, "Atate, mwendo uwu musaupondenso. Wamatuka mkati. Tsiku lina udzathyoka muli pamsewu."

Zimene ndinayankha ukuzikumbukira. Ndinati, "Mwendo uwu wandiyendetsa zaka zonse iwe uli pasukulu, ndiye lero kasupuni ka tiyi kauweruze?" Ndinauvalanso n'kupita kumsika dala, popanda chokagula. Amayi ako anati, "Asiyeni a hedi, akukaonetsa nkhuku za pamsika kuti amayenda." Ndinaseka ndili panjira, koma pobwera sindinakuyang'ane kumaso.

Tsopano mvera malangizo anga, ngakhale akuchokera kwa munthu amene sanamvere ako.

Malo unazunguliza aja, unaona wekha, anali atayamba kutuwa kalekale. Ine nditaona kutuwako sindinafunse munthu. Ndinatenga polishi wa nsapato, wofiirira uja, n'kumapaka Loweruka lililonse mpaka pawale. Ndinkati ndikusamala mwendo. Iwe unangopala ndi chikhadabo, polishi yense n'kuchoka, ndipo unandiyang'ana mmene ndinkayang'anira ana obwera ndi homuweki yokopera. Kumene ukupitako zinthu zidzakhala zopentedwa bwino kuposa mwendo wa atate ako. Padzakhala anthu okonda kuti ziziwala, ndipo ambiri sadzakhala oipa mtima, adzakhala ngati ine. Usadzakangane nawo za kuwala. Udzangopempha mwaulemu kuti upime, ndipo udzapime ndithu.

Kugogodaku sikunayambe ndi iwe, paja ndinakuseka kuti unapita kuyunivesite kukaphunzira zimene amayi ako amachita ulele pamsika. Titangokwatirana kumene, ndikuphunzitsa ku Pembamoyo, anandituma kukagula mtsuko wa madzi. Anandiuza kuti ndikaugogode ndi chala, ndimve kulira kwake. Ine mphunzitsi watsopano, tayi ili pakhosi, ndikaime pagulu la amayi n'kumagogoda mitsuko? Ndinangoloza wokongola kwambiri, wa mizere m'khosi, n'kuumangirira panjinga. Usiku umodzi wokha madzi onse anathera pansi, mphasa n'kunyowa. Amayi ako sanakalipe. Anabzalamo maluwa n'kuuika pakhomo penipeni, kuti aliyense wofunsa azimufotokozera mmene unabwerera. Manyazi a kanthawi kochepa aja anandigulira manyazi a chaka chonse. Ndiye ukakhala pakati pa anthu ovala bwino, usamachite manyazi kugwada pansi, kuika khutu, kufunsa funso looneka lachibwana.

Koma yankho lako pa kuseka kwanga kuja ndi limene ndinalikonda, ndipo ulisunge. Unati khutu ndi kasupuni zimangomva zapafupi ndi kunja. Zakuya zimafuna makina. Unandifotokozera za kachipangizo kamene mumapaka mafuta oterera n'kukayendetsa pamwamba, monga amachitira posikana amayi oyembekezera kuchipatala. Kamatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu, ndipo kaphokosoko kakapeza pamene nsalu zamatukana kamabwerera msanga, inu n'kuona pagalasi la makinawo. Unanenanso za kamera yoona kutentha, kuti mumawotha chinthucho pang'ono ndi nyali, ndipo pamalo pomatuka kutentha kumachedwa kuchoka. Kenako unati, "Popanda makina sindingadziwe kuti zalowa mkati mpaka pati, atate. Chimene ndikudziwa n'chakuti sipali bwino." Sunawonjezere kuti undiopseze, sunachepetse kuti undisangalatse. Uzikalankhula choncho kumenekonso. Chimene wachiona uzinena kuti wachiona, chimene sukuchidziwa uzinena kuti sukuchidziwa, ngakhale wofunsayo akhale wofulumira bwanji.

Za mmene ndinatayira mwendo umadziwa kuti inali ngolo, koma unali wakhanda, ndipo sindikonda kuzikamba. Tinkachokera kumunda ku Pembamoyo ndi matumba ochepa a mtedza, katundu wopepuka, msewu wabwinobwino. Ine ndinakhala kutsogolo, miyendo ili lendelende, ngakhale ndinkaletsa ana a sukulu kukhala choncho. Mtengo wokokera ngolo unangothyoka pamene panali bawuti, ng'ombe zinadzidzimuka, ine n'kugwera pansi, gudumu n'kudutsa. Bala linakana kupola mpaka anadula m'munsi mwa bondo. Mwini ngolo anali munthu wabwino, anabwera kuchipatala akulira. Ankangobwereza kuti, "Aphunzitsi, ngolo imene ija yanyamula chimanga chodzaza zaka zonsezi osachita kanthu. Ithyoke bwanji ndi timatumba ta mtedza?" Ena kumudzi anayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Panalibe dzanja la munthu. Mtengo uja unkatha pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse, ndipo tsiku la mtedza linangopeza utatha kale.

Dzulo nditamva mawu ako kukhitchini, ndinakumbukira bambo ameneyu. Ndinazindikira kuti zimene ndinakuyankha Lamulungu zija ndi mawu ake enieni, ndinangochotsa ngolo n'kuikapo mwendo. Mawu amenewa udzawamva kawirikawiri pantchito yako, mwana wanga. Adzati chinthuchi chauluka zaka zambiri, dzulo lomweli chinauluka, vuto lili pati? Ukadzawamva udzakumbukire mwendo wodulidwa wa atate ako. Zaka zimene chinthu chagwira ntchito ndi zimene zachitopetsa, ndiye udzapime mosamala kuposa kale.

Ndikudziwanso kuti kuuza munthu wamkulu kuti "ayi" sitinakuphunzitse. Tinakuphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayang'ana akulu m'maso, kusayankha akamalankhula. Sindikudandaula, ndi ulemu wathu, ndipo usakausiye pabwalo la ndege. Koma ndinkada nkhawa kuti mwana woleredwa chonchi adzatha bwanji kuuza bwana wa imvi kuti phiko ili lisauluke. Lamulungu lija nkhawa imeneyi inatha. Unagwada ngati mwana wa pakhomo pano, mawu ako anali otsika, koma sunabweze ngakhale liwu limodzi, ndipo amene unkamuuzayo anali atate ako okalipa. Palibe bwana kumeneko amene adzakuvute kuposa ine. Ndinakwiya, inde, koma ndinanyadanso, kungoti kunyadako kunachedwa kufika pakamwa.

Tsopano za mantha ako enieni. Unauza amayi ako kuti, "Ndikapita, ndikamaimba foni azingoti tili bwino. Ngakhale atagwa pamsewu, mudzandiuza kuti tili bwino." Sunaname. Ndi mmene timachitira kuno, ndipo ine ndinazilawa. Ndili m'chipatala muja, agogo ako, amayi anga, anadwala n'kumwalira. Abale ankabwera kudzandiona atanyamula chakudya, ndikafunsa za kumudzi ankati, "Onse ali bwino, akupereka moni." Anagwirizana kuti munthu wodulidwa mwendo asamuwonjezere katundu. Ndinatuluka m'chipatala nditagulira amayi anga kansalu, n'kukapeza manda atamera kale udzu. Sindinawakwiyire abale aja, anachita mwachifundo, monga anawachitira iwonso ena. Koma kuyambira pamenepo munthu akandiuza pafoni kuti onse ali bwino, mtima wanga sukhala pansi. Ndiye ndikukumvetsa, Tikambenji. Munthu sangaphunzire bwino kutali akamakayikira moni aliyense wochokera kwawo.

Nali pangano langa, ndipo amayi ako adzakhala mboni, iwo amene sanandibisirepo cholakwa changa n'kamodzi komwe. Pakhomo pano mawu oti "tili bwino" tiziwanena pokhapokha tili bwinodi. Ndikadwala udzamva tsiku lomwelo. Mwendo watsopano ukadzabwera, ukamaimba foni usamandifunse n'komwe za iwo. Ndizidzauvula, foni n'kuiika pafupi, n'kumagogoda ndi kasupuni kaja mozungulira, iwe uzidzamva wekha uli komweko. Ukadzati wamva du du, sindidzatsutsa.

Koma panganoli lili ndi mbali yako. Chaka chako chomaliza kuyunivesite unkatiuza sabata iliyonse kuti uli bwino. Unafika pano khosi litatalika, siketi ukuimanga ndi pini, tulo ukuchita kulisaka. Amayi ako analira kuseri kwa nyumba kuti usawaone. Palibe chinthu chachikulu chimene chinakugwera, unatero iwe mwini, zinali zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, kusadya, kusagona, kuopa kulephera, kusafuna kutidandaulitsa. Iwe ndi mwana wa atate ako, polishi umamudziwa kupaka. Kumene ukupitako kuli kuzizira, chakudya ndi chachilendo, ndipo palibe amene adzaone kuti wachepa thupi chifukwa sakudziwa mmene unalili. Ukatopa uzinena. Ukalephera mayeso uzinena, ine ndalepheretsapo ana ambiri amene lero ndi anthu. Ukasowa kwanu uziimba, ulire pafoni, ife tizilira nawe kenako tizikamba za mbuzi za azakhali ako. Upeze tchalitchi, upeze mnzako mmodzi amene angakuuze zoona. Ndipo ukadzapeza mnyamata, usadzamugogode ndi supuni pagulu, koma udzamvetsere bwino mmene amalirira akakhumudwa.

Mwina ukudabwa kuti n'chifukwa chiyani ndinaumirira chonchi pa chinthu cha nsalu ndi zomatira. Ndikuuza. Nditatuluka m'chipatala ndinayenda nthawi yaitali ndi ndodo za m'khwapa, mwendo wa buluku nditaupinda. Ana ankanditsanzira kuseri kwa kalasi, koma zimenezo zinali zopiririka. Chimene chinkandipha ndi mawu a akuluakulu. Aliyense pondipatsa moni ankatsitsa mawu ngati ali pamaliro, "Pepani aphunzitsi, pepani ndithu." Ndinasiya kukhala mphunzitsi wa masamu, ndinakhala aphunzitsi aja a mwendo. Nditalandira mwendo wochita kupanga n'kusamutsidwira pa boma pano, ndinayambanso kukhala munthu wamba. Ndinaphunzira kuyenda mosatsimphina kwambiri, ndinkavala buluku lalitali ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ambiri kutchalitchi kwathu mpaka lero amangoti ndili ndi vuto la bondo. Pamene unati ndisaupondenso, ine sindinamve za kuthyoka. Ndinamva "pepani aphunzitsi" akubwerera. Ndinkachita mantha, mwana wanga, ndipo ndikuchitabe.

M'mawa uno mutangonyamuka, ndinakhala pampando uno n'kuvula mwendo. Ndinatenga kasupuni kaja n'kugogoda mmene unkachitira, pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Khutu langa si lako, koma kusiyana kwake n'koonekeratu. Mkati mwa mzere wako munali du du monga kale. Kenako ndinagogoda kunja kwa mzere, mbali yoyang'ana mwendo wabwinowu, pamene Lamulungu pankalira bwinobwino. Napo payamba du du. Padutsa mzere wako ngati kukula kwa chala changa chachikulu. Ulendo wanga wa kumsika wopanda chogula uja ndi maulendo ena a sabata ino ndiwo achita zimenezi. Ndikanatha kukhala chete, iwe sukanagogodanso usanapite. Ili ndi lipoti langa loyamba pa pangano lathu, ndipo si labwino.

Ndaimbira foni anthu opanga miyendo kuchipatala kuja. Ndawafotokozera zonse, za kutuwa, za kulira, za mzere wako, ngakhale za polishi. Anati ndisaupondenso, adzandiitana kukayezetsa wina, koma pali anthu ambiri patsogolo panga ndipo ndidikira ndithu. Kudikirako sikufuna injiniya pakhomo. Amayi ako alipo, ine ndilipo, ndipo ngati utakhala, chimene ungachite ndi kundiyang'ana ndikudikira, ine n'kumakuyang'ana ukutaya chimene unachivutikira. Chimenecho sindingachipirire. Bola pepani aphunzitsi.

Ukalowa kuchipinda chochezera uyang'ane pamwamba pa kabati. Mwendo uli pamenepo, nsapato yake ndaivula. Ndodo zija ndazitsitsa kudenga la khitchini kumene zakhala zaka zonsezi, ndazipukuta mwaye, ndipo mphira zakunsi zinali zitafumbutuka ndiye ndadula zina pa tayala lakale. Ndayeserera kuzungulira nyumba. Mapewa aiwala, m'khwapa mukuwawa, ndipo galu wandiuwa ngati mlendo, koma sindinagwe. Amayi ako sakudziwa. Akafika adzaima pakhomo, adzagwira m'chiuno, adzati, "Ha, mpaka mwana achite kufuna kutaya ndege kuti a hedi amve?" Uwasiye anene, akhala akudikira nthawi yaitali.

Usalembere anthu aja. Malizitsa kulongedza. Juzi lija uliike pamwamba, osati pansi pa mabuku. Kasupuni usatenge, ndi kanga tsopano.

Mawa ndikuperekeza ndekha mpaka pokwerera minibasi. Mwendo wa buluku ndaupinda kale, ndabwereka pini m'kachitini ka amayi ako. Anthu akayamba kutsitsa mawu, iwe usayang'ane pansi, ndipo usandiyankhire. Ndidzawauza ndekha kuti mwendo unatopa mkati, ndipo amene anaupeza usanandigwetse ndi mwana wanga uyu, akupita kukapima mapiko a ndege. Udzuke msanga, chifukwa pa ndodo ndimayenda pang'onopang'ono, ndipo sitidzera njira yachidule ya kuseri kwa sukulu. Tidzera pamsika.

Mulungu akutsogolere kumene maso anga sangafike.

Ndine amene unandigwadira n'kundiuza zoona,
Atate ako